MAI AMENE ANAOLOKA MTSINJE WA OHIO

Buku limene tikambirane pano dzina lake ndi Beloved. Mau amenewa ndi a Cingerezi. M'Cinyanja tinganene kuti Wokondedwa, ndipo amene analimasulira m'Cipwitikizi analicha Amada. Analilemba ndi mai Toni Morrison, munthu wakuda wa ku United States, amene anabadwa m'caka ca 1931 ndi kumwalira m'caka ca 2019. Bukuli linatuluka m'caka ca 1987. M'caka ca 1993 maiwa analandira mphoto ya Nobel ya olemba mabuku, ndipo anali mkazi wakuda woyamba kuilandira.

Nkhani ya m'bukuli ndi yopeka, koma muzu wake ndi cinthu cimene cinacitikadi. M'mwezi wa Januwale caka ca 1856 kunazizira kwambiri, mpaka madzi a mtsinje wa Ohio anauma gwa ngati mwala. Mtsinje umenewu unali malire. Kum'mwera kwake, m'cigawo ca Kentucky, lamulo linkalola munthu kugula munthu mnzake. Kumpoto, m'cigawo ca Ohio, ukapolo unali woletsedwa. Usiku wina kapolo wamkazi dzina lake Margaret Garner anathawa pamodzi ndi mwamuna wake Robert, ana ao anai, ndi makolo a mwamunayo. Anaoloka mtsinje pamwamba pa madzi oumawo, nafika mu mzinda wa Cincinnati. Koma kunali lamulo la m'caka ca 1850 lakuti kapolo wothawa agwidwe ndi kubwezedwa kwa mbuye wake, ngakhale atafika kale kumpoto. Osaka akapolo anazinga nyumba imene banjali linabisalamo. Margaret ataona kuti palibenso kothawira, anatenga mpeni napha mwana wake wamkazi wa zaka ziwiri, ndipo anafuna kupha enawo, kuti asabwerere ku ukapolo. Mai Morrison anapeza nkhaniyi m'nyuzipepala yakale pamene ankasonkhanitsa zolembedwa za mbiri ya anthu akuda. Anaisunga mumtima zaka zambiri asanailembe.

Polemba anasintha zinthu. Margaret anampatsa dzina lakuti Sethe. Ndipo anamcotsera mwamuna. Margaret anathawa ndi mwamuna wake pambali, koma Sethe athawa yekha, ali ndi pathupi, ana atatu atatsogola kale pa ngolo. Mwamuna wake, Halle, sanafike pa malo amene anapangana, ndipo sanaonekenso.

Tiime pamenepa, pakuti mpamene pali mtima wa bukuli. Kwathu kuno mwamuna akamwalira pamakhala maliro. Anthu amagona pa siwa, amalira, amaika mtembo m'manda. Pambuyo pake pamakhala kumeta, ndipo nthawi ikakwana a kucimuna amamasula mkaziyo kuti akhale mfulu. Miyambo ina ya umasiye ndi yowawa, ndipo amai ambiri adandaula nayo. Komabe mkazi amadziwa kuti mwamuna wake wafa, amadziwa ndi pamene wagona. Sethe alibe zonsezi. Sanaone mtembo. Palibe anam'meta, palibe anam'masula. Zaka 18 akhala osadziwa ngati ali wamasiye kapena wosiyidwa. Masiku ena amkwiyira Halle poganiza kuti anamtaya dala. Apongozi ake, mai Baby Suggs, angoti mwana wao anafa, cifukwa mtima wao wawauza cotero. Iwowa anabala ana asanu ndi atatu, ndipo onse analandidwa kapena kugulitsidwa kupatula Halle yekha. Halle ndiye anagwira nchito masiku a Sabata kwa zaka zisanu kuti aombole mai akewo. Mai anamasuka, mwana anatsala m'goli.

Pali cina cimene munthu wa kwathu angacione msanga kuposa ena. Pakati pa Anyanja mwana ndi wa kucikazi. Bambo akafa, ana ali ndi mtsibweni wao, ali ndi mbumba, ali ndi munda. Ku America nako lamulo la ukapolo linkati mwana atsata mai ake. Mau ndi omwewo, koma tanthauzo ndi lina. Kumeneko kunali kunena kuti mai akakhala kapolo, mwananso ndi kapolo, ndipo mwini wake ndi mwini munda, monga mwana wa ng'ombe ali wa mwini khola. Sethe alibe mlongo, alibe malume. Mai ake anabwera pa combo kucokera ku Africa, anali ndi cizindikiro cootcha pansi pa bere, ndipo anawapacika pa cingwe Sethe ali wamng'ono. Ndico cifukwa cake pothawa alunjika kwa apongozi. Mbale wina aliyense alibe.

Mkazi wamasiye m'bukuli si Sethe yekha. Munda umene ankakhalako unkachedwa Sweet Home, kutanthauza mudzi wokoma. Mwini wake, bambo Garner, ankadzitama kuti akapolo ake amawasunga bwino. Sankawamenya, ankawalola kugwira mfuti, ankamva maganizo ao. Tsiku lina anafa mwadzidzidzi. Mkazi wake, wodwala cotupa pakhosi, anaopa kukhala mzungu yekha pakati pa akapolo, naitana mlamu wake kuti adzayendetse munda. Kuyambira tsiku lomwelo zabwino zonse zija zinatha. Apa wolemba wanena cinthu cacikulu popanda kukweza mau. Ubwino wa mbuye wabwino unali pa mpweya wa munthu mmodzi. Mpweyawo utatha, akapolo anaona kuti anali akapolo kuyambira kale.

Ulendo wa Sethe

Ulendo weniweniwo sutenga masamba ambiri, koma ndi umene umatsala m'mutu munthu akatseka buku. Asanathawe, anyamata awiri a mlamu uja anamgwira m'khola namyamwa mkaka wa mwana wake. Iye atakanena kwa mai Garner, anamkwapula mpaka msana unang'ambika. Anathawa cotero, msana uli magazi, mimba ili pafupi kucira, mapazi atatupa osaonekanso ngati mapazi. Cimene cinkamuyendetsa sicinali mau akuti ufulu. Cinali mkaka. Mwana wake wamkazi woyamwa anali atatsogola, ndipo Sethe ankadziwa kuti palibe wina amene angamuyamwitse monga iye. Mai aliyense amene anasiyako khanda kunyumba napita kumunda wakutali adziwa kuwawa kwa mabere odzaza. Wolemba anasankha bwino pamenepa. Akanatipatsa mkazi wolankhula mau akuluakulu a ufulu, tikanamuombera m'manja ndi kumuiwala.

Mphamvu zitamthera anagwa m'chire, nayembekeza imfa. Amene anampeza ndi mtsikana wacizungu, Amy Denver, wosauka, wanjala, nayenso wothawa kwa bwana amene ankamumenya. Iye ankapita ku Boston kukafuna nsalu yofewa yamtengo wapatali imene anangoimva mbiri. Amy si mngelo ai. Pakamwa pake mpoipa, alankhula mau onyoza anthu akuda monga anaphunzirira kwao, ndipo poyamba afuna kungopitirira cifukwa Sethe alibe cakudya com'patsa. Sethe naye samkhulupirira, mpaka amuuza dzina labodza. Koma manja a mtsikanayo ndi abwino. Asisita mapazi otupa aja, aika ulusi wa kangaude pa zilonda za kumsana, ndipo ndiye amuuza Sethe kuti mikwingwirima ya cikoti yajambula mtengo pamsana pake. Sethe mtengowo sadzauona ndi maso ake moyo wake wonse. Angousenza.

M'mawa mwake apeza bwato lobooka lokhala ndi nkhafi imodzi. Mwana abadwira m'bwatomo, madzi akulowa. Dzuwa litapendeka Amy acoka, pakuti aopa kupezedwa ali ndi kapolo wothawa, ndipo saonekanso m'buku lonse. Sethe amcha mwanayo Denver. Wina angadandaule kuti bwanji wopulumutsa akhale mzungu. Ine sindiona colakwa. Amy anathandiza usiku umodzi ndi usana umodzi. Amene anamuolotsa Sethe pa mtsinje ndi mkulu wakuda, Stamp Paid, amene nchito yake yamseri inali yomweyo. Anampatsa nsomba yokazinga, navula mnyamata wina jekete kuti afunditse khanda. Kutsidya anamlandira ndi mai wina wakuda, Ella. Ndipo amene anamsambitsa ciwalo ndi ciwalo, namanga mimba yake ndi nsalu, ndi apongozi ake. Bukuli lationetsa kuti njira ya othawa inali ndi anthu ambiri obisika, wina pano wina apo, aliyense kugwira mbali yake.

Inki ndi zilembo

Ife amene tikuphunzira kugwira pensulo tili akulu kale, tiyenera kuona bwino munthu woipa wa m'bukuli. Mlamu uja alibe dzina. Akapolo angomucha Mphunzitsi, pakuti ndiyo inali nchito yake. Sakalipa, saledzera, alankhula mofatsa. Ayenda ndi kabuku. Ayeza mitu ya akapolo ndi cingwe, awerenga mano ao, afunsa mafunso, nalemba. Tsiku lina Sethe amumva akuuza anyamata ake kuti agawe tsamba pakati, mbali ina alembe zimene Sethe afanana nazo ndi munthu, mbali ina zimene afanana nazo ndi nyama. Ndipo inki imene ankalembera anaipanga ndi Sethe yemweyo, ndi manja ake, cifukwa Mphunzitsi ankakonda inki yake. Pambuyo pa zaka zambiri cinthu cimeneci cimamuwawabe.

Akuluakulu amene anaona cibalo m'nthawi ya atsamunda sadzadabwa. Adziwa kuti dzina la munthu likalowa m'buku la ku boma, munthuyo ankacoka pamudzi. Colembera cinkatha kumanga munthu kuposa cingwe.

Zilembo zibweranso kawiri. Mwana wake atafa, Sethe analibe ndalama zolembetsera mwala wa pamanda. Anapereka thupi lake kwa wosema miyala, ndipo malipiro ake anali mau amodzi a zilembo 7, mau amene anamva kwa mlaliki pa maliro. Mauwo ndiwo dzina la bukuli. Dzina lenileni la mwanayo sitilimva konse. Kwinanso, Paul D, mnzake wa ku Sweet Home amene anabwera kudzakhala naye patapita zaka 18, aonetsedwa pepala lodula m'nyuzipepala lokhala ndi nkhope ya Sethe. Iye sadziwa kuwerenga. Ayang'ana cithunzi, nakana kuti si iye. Koma mumtima adziwa kuti nkhope ya munthu wakuda sikanalowa m'nyuzipepala ya azungu pa nkhani yabwino. Ayenera kudikira kuti wina amuwerengere za mkazi amene agona naye nyumba imodzi.

Masiku 28

Sethe anakhala mfulu ndi ana ake onse anai masiku 28 okha. Mai Baby Suggs anakonza phwando la cikondwerero, anthu ngati 90 nadya mpaka kukhuta. Kutaca anthu omwewo anayamba kung'ung'udza. Amenewa adziyesa ndani? Zakudya zonsezi azitenga kuti? Tsono pamene amuna anai okwera pa akavalo analowa m'mudzi, Mphunzitsi ali pakati pao, palibe anathamanga kukacenjeza. Sethe anazindikira cipewa ca Mphunzitsi, nasonkhanitsa ana ake, nathamangira nao m'kanyumba ka nkhuni. Mwana woyamwa uja, amene anamuyendera ulendo wonse uja, anamdula pakhosi ndi maceka.

Kodi analakwa? Wolemba sayankha, ndipo ndiyesa anacita bwino kusayankha. Wapereka mlanduwu kwa anthu a m'bukumo kuti aliyense anene zake. Paul D amdzudzula kuti panayenera kukhala njira ina. Sethe afunsa kuti njira yake iti, popeza amuna onse a ku Sweet Home amene anayesa njira zina, wina anaotchedwa, wina anapenga, wina anamangidwa unyolo ndi citsulo m'kamwa. Mai Baby Suggs, amene kale ankalalikira m'nkhalango kuuza anthu akuda kuti akonde matupi ao, alephera kumtsutsa, alepheranso kumvomereza. Angogona pa kama mpaka imfa. Ella, amene anamlandira pa mtsinje, amleka osamlankhula, osati cifukwa ca kupha kokha, koma cifukwa Sethe potuluka m'ndende sanapemphe cithandizo kwa munthu. Woweruza amene watsala ndi wowerenga. Mukamakambirana m'kalasi mudzaona kuti amai ndi abambo sagwirizana msanga, ndipo nkhaniyo idzapitirira mpaka panjira yopita kunyumba.

Ine cimene cimandigwira kwambiri ndi mlandu wa anansi aja. Timati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Iwo anaiwala zimenezi cifukwa ca nsanje ya phwando limodzi, ndipo wolemba sanawabisire ngakhale ali anthu a mtundu wake. Buku longonena kuti azungu onse ndi oipa, akuda onse ndi abwino, likanakhala losavuta kulemba.

Mzimu m'nyumba

Nkhani iyamba m'caka ca 1873, ukapolo utathetsedwa kale m'caka ca 1865. M'nyumba ya nambala 124 muli mzimu wa mwana uja. Uswa kalilole, ugwedeza nyumba, mpaka ana aamuna awiri athawa osabweranso. Paul D aupirikitsa. Patapita masiku owerengeka pakhomo pafika mtsikana wa zaka ngati 20, wa khungu losalala ngati la khanda, waludzu losatha, nati dzina lake ndi lomwe lija la pa mwala. Sethe akhulupirira kuti mwana wake wabwera. Amsamala, ampatsa zonse, aleka nchito, aonda, pamene mtsikanayo akunenepa.

Owerenga ena a ku America ndi ku Ulaya anavutika ndi mzimu umenewu. Kwa ife si cinthu cacilendo. Tidziwa kuti munthu wofa imfa yoipa sagona msanga, ndipo amavutitsa a pabanja pake, osati alendo. Tidziwanso kuti ciwanda sacotsa munthu mmodzi. M'bukumu Denver, mwana wobadwira m'bwato uja, ndiye alimba mtima natuluka pakhomo kukapempha cithandizo kwa mai amene anamphunzitsa zilembo ali mwana. Anthu ayamba kusiya zakudya pa citsa ca pabwalo. Potsiriza amai 30 abwera akuimba, Ella ali patsogolo, ndipo mtsikanayo azimirira. Mudzi umene unalephera kucenjeza wabweza ngongole yake mocedwa ndi zaka 18.

Mtsikanayu nthawi zina akumbukira zinthu zimene mwana wa Sethe sakanaziona: mdima, anthu opanikizana, akufa ogona pamwamba pa amoyo, madzi. Ndi m'mimba mwa combo ca akapolo. Bukuli silichula dziko la ku Africa kumene mai a Sethe anacokera. Koma zombo zotere zinanyamukanso pa magombe athu, ku Quelimane ndi ku Ilha de Moçambique, zambiri kupita ku Brasil, ku Cuba ndi ku zisumbu za m'nyanja ya India. Cimodzi, São José, cinanyamula anthu ngati 500 m'caka ca 1794, cinasweka pafupi ndi Cape Town, ndipo oposa 200 anamira. Opulumuka anagulitsidwanso komweko. Ena mwa anthu amene ankafika ku gombe pa zaka zimenezo anayenda m'magoli kucokera ku maiko a m'mbali mwa nyanja ya Niassa ndi m'cigwa ca Zambezi.

Pamene bukuli livuta

Tisabise, bukuli ndi lovuta kuwerenga. Wolemba sayenda njira yoongoka. Ayamba pakati, abwerera m'mbuyo, adumpha, abwereranso. Ulendo wa Sethe tiumva zidutswazidutswa, pena kwa Sethe, pena kwa Denver amene akonda nkhani ya kubadwa kwake. Za m'kanyumba ka nkhuni tizimva bwino titafika pakati pa buku. Kayendedwe kameneka kali ndi cifukwa. Munthu amene anaona zoopsa safotokoza monga wowerenga kalata. Amazungulira, amakhudza pang'ono, amathawa. Amene anakhala ndi anthu obwera ku nkhondo adziwa zimenezi. Pamenepa ndimuvomereza wolemba.

Koma pali masamba ena, pamene mtsikana uja alankhula yekha, amene alibe mpumiro ngakhale umodzi. Mau angotayika ngati mikanda yoduka cingwe. Ophunzira kwambiri amawatama masamba amenewa. Ine ndiona kuti pamenepa wolemba anatseka citseko pamaso pa anthu onga Sethe ndi Paul D, amene nkhaniyi ndi yao. Gawo la Sethe, Denver ndi mtsikanayo atadzitsekera m'nyumba nalonso latalika kuposa muyeso. Munthu amene wangophunzira kuwerenga asayambe yekha. Ndi bwino wina awerenge mokweza ndi kumasulira, ena akumvetsera, ndipo muyambe ndi ulendo wa pa mtsinje.

Cina ndi ca Halle. Pocotsa mwamuna, wolemba anapeza mkazi woima yekha, ndipo nkhani inakula mphamvu. Koma tinataya Robert Garner, mwamuna amene anatsogolera banja lake pa madzi ouma, naombera mfuti osaka akapolo pamene anathyola citseko. M'malo mwake tapatsidwa Halle, amene anali pa denga la khola pamene mkazi wake ankacitidwa cipongwe, naona zonse, osatha kutsika, mutu nusokonezeka. Paul D anamuona komaliza atakhala pansi, atadzipaka mafuta a mkaka kumaso. Ndi cithunzi coona, pakuti ukapolo unaswadi amuna ambiri cotero. Koma wowerenga adziwe kuti mwamuna wa m'mbiri yeniyeni sanasweke pa tsikulo.

Kusintha kwina ndi kwa mathero. M'buku Mphunzitsi aona magazi, aganiza kuti kapolo wake wapenga ndipo alibenso phindu, nabwerera cimanjamanja. Sethe alowa m'ndende, azungu odana ndi ukapolo amthandiza, natuluka. Wolemba anamsiya ndi moyo ndi ufulu kuti tione mmene munthu akhalira ndi cinthu cotere zaka ndi zaka, ndipo pa tsamba lotsiriza la nkhani yake Paul D wabwerera, wakhala pambali pa kama wake. Margaret Garner sanapeze zimenezo. Akuluakulu a cigawo ca Ohio anafuna kumzenga mlandu wakupha, cimene cikanasonyeza kuti iye ndi mwana wake anali anthu. Bwalo linagamula kuti lamulo la 1850 ndilo lalikulu, ndipo banja lonse linabwezedwa kwa eni ake monga katundu. Anawatumiza kum'mwera pa sitima ya pamadzi. Panjira sitimayo inagundana ndi ina, ndipo mwana wake wakhanda anamira. Margaret anafa ndi nthenda ya taifodi ku Mississippi m'caka ca 1858, ali kapolo.